Tchizi mu Ufa wa Apongozi

Loweruka lachiwiri la Disembala, Renae Rustad analowa m'khitchini mwake n'kupeza mlamu wake Lynette, mlongo wa malemu mwamuna wake amene anabwera kuchokera mumzinda wa Fargo, ali kale pa tebulo, atavala epuloni ya Renae yemweyo. Batala amene Renae anamusiya pa mbale kuti afewe anali atakankhidwira pakona. Mbale yake yokandira ufa inali itavundikiridwa pa sinki ngati kuti yatha kale ntchito.

"Mwadzuka bwanji alamu?" anatero Renae.

"Tadzuka," anayankha Lynette osacheuka. "Chaka chino mupumeko. Ufa ndakandira kwa amayi dzulo. Ndauika mufurijimu."

Renae anatsegula furiji ija n'kudina ufawo ndi chala. Chala sichinalowe. Unali gwa ngati sopo.

"Alamu, ufa wa mabisiketi a sipiritsi sugona mufuriji. Tiutulutse ufeweko amayi asanafike."

"Usiyeni momwemo. Ndathira batala, shuga, mazira ndi ufa, monga ankachitira agogo athu. Kapena mukufuna kutiphunzitsa za kwathu?"

Renae anatseka furijiyo pang'onopang'ono. Mawu anali nawo, koma chichokereni ku maliro a mwamuna wake Darrin anaona kuti m'nyumba imeneyi mawu ake apepuka.

Darrin anamwalira mu Okutobala ali pa makina okololera soya. Mtima unangoima. Makinawo anayenda okha mpaka kukaima mu ngalande, ndipo anthu anamupeza atatsamira chiwongolero. Anasiya mkazi, mayi ake okalamba, ndi mwana mmodzi wamkazi, Britta, wa zaka khumi ndi zisanu. Britta sanabadwe kwa Renae. Mayi ake omubereka, Kari, anamwalira ndi khansa iye akuyamba kumene kuyankhula, ndipo Renae anamupeza ali kamwana kokodzera pogona, koopa mdima. Anamulera. Wakewake sanakhale naye. Mimba ziwiri zinapita padera, kenako adokotala anamuuza kuti asayesenso.

Nyumba yaikuluyo, munda ndi nkhokwe zonse zinali m'dzina la apongozi ake, Mayi Ardis Rustad, amene ankakhala m'kanyumba kena tsidya la bwalo lomwelo. Renae ndi amene ankawapatsa mankhwala m'mawa uliwonse, kuwasambitsa nyamakazi ikavuta, ndi kupita nawo kutchalitchi Lamulungu. Komabe kwa iwo mkazi wa Darrin anali Kari basi. Chithunzi cha Kari sichinachoke pa piyano. Nthawi ina Renae anafuna kupita kukhoti kuti Britta alembedwe kukhala mwana wake, koma Mayi Rustad analira mpaka Darrin anati, "Tizisiye kaye, amayi angadwale nazo." Zinasiyidwa choncho mpaka iye analowa m'manda.

Tsiku lophika mabisiketi a sipiritsi linali la Mayi Rustad. Chaka ndi chaka, Khirisimasi ikayandikira, ankabwera ndi chofinyira chachitsulo chimene mayi awo anawasiyira. Ufa unkalowa m'kati, kumwamba kunali chogwirira chopotokola, ndipo kunsi ankaikako kambale kachitsulo kobooledwa ngati mtengo, nyenyezi kapena nkhata. Thireyi yoyamba ankafinya okha, wina aliyense osaloledwa kugwirako. Akatero, Lamulungu lake ankauza amayi anzawo kutchalitchi kuti, "Zala zapindika, inde, koma chofinyira cha amayi anga ndikupotokolabe ndekha."

Panali chinthu chimodzi chimene sankachidziwa. Zaka zingapo m'mbuyomo Renae anawaona akulumira mano pa chogwirira chija, misozi ili lengelenge. Chaka chotsatira analawirira n'kukanda ufawo iwo asanabwere, nathiramo tchizi chofewa choyera chija, monga ankachitira mayi ake kwawo. Ufa unafewa, ndipo Mayi Rustad anadzaza mathireyi akuimba nyimbo za Khirisimasi. Kuyambira pamenepo Renae ankachita zomwezo chaka chilichonse, mapepala a tchiziwo n'kuwakwirira pansi pa zinyalala. Darrin ankadziwa, ndipo ankaseka, amvekere, "Tsiku limene amayi adzadziwe, tonse tikagona m'khola." Britta nayenso ankadziwa.

Mayi Rustad anafika dzuwa litakwera, dzanja lina pa ndodo, lina atakoleka pa mkono wa Britta. Kunja kunkazizira kolasa m'mafupa, bwalo lonse lili mbuu ndi chipale chofewa. Britta anaika katoni yakale ya chofinyira pa tebulo, nawavula agogo akewo chikhoti, n'kuwakhazika pa mpando umene Darrin ankakhalapo.

"Uvuni watentha?" anafunsa Mayi Rustad.

"Watentha amayi," anatero Renae.

"Mathireyi musapake mafuta. Akhale ozizira, apo ayi ufa sugwira."

"Ndikudziwa amayi."

"Sindikuuza inu, ndikuuza Lynette. Uyu kutauni anaiwala ndi kukazinga dzira komwe."

Lynette anaseka. Anadula ufa uja ndi mpeni, naukanikizira m'chofinyira ndi chala chachikulu, naika kambale kobooledwa ngati mtengo kaja, n'kupereka kwa mayi ake. Renae anaima pa sinki akupukuta kapu youma kale.

Mayi Rustad anaimika chofinyira pa thireyi, nagwira chogwirira, napotokola. Sichinasunthe. Anasintha kagwiridwe n'kuyesanso. Zala zawo zinayera m'mfundo, koma pa thireyi sipanagwe kanthu.

"Amayi, tiyambe tamwa khofi," anatero Renae motsitsa mawu. "Ufawu ukadali wozizira."

"Sindinabwerere khofi ine."

Anaimirira, natsamira chogwiriracho ndi chifuwa chomwe. Chofinyira chinaterereka pa thireyi, chinagunda m'mphepete mwa tebulo n'kugwera pansi. Mayi Rustad anakuwa atagwira mkono, nagwera pampando.

Lynette anachitola. Anapotokola yekha, akuchita kutulutsa mitsempha m'khosi, mpaka timabisiketi tooneka ngati timitengo tinadzaza thireyi. Anawaza shuga wobiriwira pamwamba, nalowetsa mu uvuni.

"Ufawu ulibe vuto amayi," anatero. "Ndi manja anu. Ukalamba sakana."

Mayi Rustad anayang'ana manja awo ali pamiyendo. "Chaka chatha chomwechi ndinafinya ndekha," anatero ngati akudziyankhulira. "Imfa ya Darrin yanditengera ndi manja omwe?" Misozi inayenderera m'makwinya a m'masaya mwawo mpaka kugwera pa juzi.

Britta analephera kupirira. Anagwada pambali pawo n'kuwagwira bondo.

"Agogo musalire, si manja anu ayi. Anti sanathiremo tchizi. Amayi amathiramo tchizi kuti ufa ufewe, n'chifukwa chake mumatha kufinya. Amayi, auzeni! Tikande wina pompano."

Kapu ija Renae anaiika pansi.

"Tchizi," anatero Mayi Rustad. "Mu ufa wa amayi anga."

"Amayi, ndinkaona mukumva ululu. Sindinafune kuti musiye chinthu chimene mumachikonda."

"Kuyambira liti?"

"Papita zaka ndithu."

"Darrin ankadziwa?"

Renae anawerama.

"Ndiye kuti ine ndikamadzitama kutchalitchi kuja, inu kuno munkatsinana? Kundisandutsa chidole m'nyumba yanga yomwe? Mwana wanga wapita kumanda akundiseka chifukwa cha iwe?"

Chilowereni pa banja limeneli, Renae anali asanatchulidwepo kuti iwe ndi apongozi ake.

"Sanakusekeni amayi. Ankakondwa kukuonani mukuimba."

"Ndinkakuuzani ine, inu mumati ndine wansanje," analowerera Lynette. "Munthu wobisa za m'mbale, za m'nyumba angaulule? Ndani akudziwa zimene amakumwetsani m'mawa muja ati mankhwala?"

"Alamu, muope Mulungu!"

"Mulungu ndikumuopa, n'chifukwa chake ndabwera. Amayi, auzeni zija. Palibenso chodikira."

Mayi Rustad anapukuta kumaso ndi kumbuyo kwa dzanja. Poyankhula, mawu awo anali ouma.

"Ndimati tidikire Khirisimasi idutse chifukwa cha mwanayu. Sindidikiranso. Britta akupita ku Fargo kwa azakhali ake. Kari atamwalira, Darrin analembetsa kwa loya kuti iye akadzachoka, mwanayu adzasungidwe ndi Lynette, ndipo sanasinthe. Nyumba ino ndi yanga. Iwe uone kolowera. Khirisimasi isakupeze muno."

Renae anasendera pafupi, misozi ili mbwembwembwe.

"Nyumbayi tengani amayi. Mipando, mbale, galimoto ya Darrin, zonse tengani, sindidzakutengerani kukhoti. Koma mwanayu ndisiyireni. Amalize sukulu ali ndi ine, ndidzabwera naye kwa inu tsiku lililonse. Wataya mayi, wataya bambo, lero atayenso ine? Chonde amayi. Za tchizizo ndalakwa, ndikhululukireni, koma musalange mwana."

"Wataya mayi, inde. Mayi ake ali kumanda kuseri kwa tchalitchi. Iwe unabereka ndani m'nyumba muno?"

Renae anagwira pamimba ngati wamenyedwa chibakera.

"Sindipita!" anakuwa Britta ataimirira. "Awa ndi amayi anga! Inu anti, tsiku langa lobadwa mumalidziwa? Nthawi imene ndinagonekedwa ndi chibayo munabwera? Ngakhale foni munaimba?"

"Mwaona mmene anamulelera?" anatero Lynette kwa mayi ake. "Mwano wokhawokha."

Britta ananyamula mbale yagalasi imene munali ufa wotsala n'kuiponya pansi. Inasweka phwaa, magalasi kumwazika mpaka kunsi kwa furiji. Anathamanga kukwera masitepe, namenyetsa chitseko cha kuchipinda kwake mpaka mawindo ananjenjemera.

Nthawi yomweyo belu lochenjeza za utsi linayamba kulira padenga. Aliyense anali ataiwala uvuni. Renae ndi amene anautsegula n'kutulutsa thireyi ija, timitengo tonse tili bii ngati makala. Anatsegula windo, mphepo yozizira inalowa. Kenako anatenga tsache n'kuyamba kusesa magalasi kuchokera pampando wa apongozi ake kukafika pakhomo, kuti asaponde. Mayi Rustad anadikira mpaka njira itayera, natenga ndodo yawo, natuluka atagwira mkono wa Lynette. Sanacheuke.

Lolemba Renae anapita kwa loya m'tauni. Loyayo anamumvetsera mwachifundo, koma anamuuza zoona. Mayi wopeza amene sanalembetse mwana, mawu ake kukhoti ndi ochepa. Akhoza kulimbana nawo, koma mlandu ungatenge miyezi, ndipo nthawi yonseyo mwana akhala ali kwa azakhali ake, akuitanidwa kukachitira umboni wotsutsa agogo ake. Abusa anayesa kupita kwa Mayi Rustad, koma anabwerera pakhonde. M'mawa wina Renae anawoloka bwalo ndi kabokosi ka mankhwala monga mwa masiku onse, Lynette n'kumulandira pakhomo.

"Perekani kuno. Tiziona tokha."

"Mapiritsi apinki amamwa atadya, apo ayi amachita chizungulire. Ndipo pamasitepe pawopa pamafunika kuwaza mchere wosungunula chipale m'mawa uliwonse, pamaterera."

"Ndi amayi anga amenewa," anatero Lynette, natseka chitseko.

Renae anapeza chipinda pamwamba pa sitolo ya zitsulo m'tauni, pafupi ndi sukulu imene ankagwira ntchito yophikira ana. Anachoka pa famupo kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, masana, thambo lili lotuwa. Katundu wake yense anakwana m'galimoto yake yaing'ono. Britta anatuluka wopanda chikhoti, atangovala masokosi, n'kugwira chitseko cha galimotoyo.

"Ndatenga chikwama changa, chili kuseri kwa nkhokwe. Tiyeni tizipita, sationa."

"Ayi mwanawe. Ndikakutenga choncho adzati ndakuba, ndipo sadzandilolanso kukuona."

"Ndi ine ndinaulula. Ndikanangokhala chete bwenzi zonsezi kulibe."

Renae anatuluka m'galimoto n'kumugwira masaya ndi manja onse awiri.

"Undimvetsetse. Iwe unaona agogo ako akulira, unawamvera chisoni. Palibe tchimo pamenepo. Zimenezi anakonza kale, akanazinena basi. Wamva?"

Britta anagwedeza mutu akusisima.

"Uzidya. Ngakhale usakufuna, uzidya. Kusukulu usajombe. Lowa m'nyumba, mapazi angaume."

"Amayi, musandisiye."

Lynette anatuluka n'kumugwira mtsikanayo m'mapewa. Britta anakakamira chitseko cha galimoto mpaka Renae yemweyo ndi amene anamasula zala zake chimodzichimodzi. Pamene galimoto inkatuluka pa bwalo, Renae anaona katani ya kanyumba ka apongozi ake ikugwedezeka. Anayendetsa mpaka pa mphambano, naimitsa pambali pa msewu, nalira mokweza ngati mmene sanalirire ngakhale pa maliro a Darrin.

Chaka chatsopano chitalowa, Lynette anabwerera ku Fargo ndi Britta. Anamusinthira nambala ya foni, ati kuti azolowere msanga. Renae anapitako kangapo Loweruka, koma ulendo uliwonse ankauzidwa pakhomo kuti mwanayo watuluka. Mayi Rustad anatsala okha pa famu, nyumba yaikulu ili yotseka. Lynette anawapezera mayi wina woti azibwera kawiri pa mlungu. Masiku enawo ankadzionera okha.

Mu Febuluwale, m'mawa wina, anatuluka kukatenga makalata. Anaterereka pamasitepe n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anagona pa chipalepo akuitana, popanda woyankha, mpaka wamakalata wa tsiku limenelo anawapeza milomo itada. Kuchipatala anawadula zala ziwiri zakuphazi zimene zinauma ndi chisanu. Akadali pa bedi, Lynette anabwera ndi mapepala oti iye aziwayendetsera zinthu. Pofika mu Epulo munda unali utagulitsidwa kwa mlimi wina wamkulu wa tsidya la mtsinje, ndipo Mayi Rustad anali m'nyumba yosungirako okalamba kumapeto kwa tauni.

Tauniyo inali yaing'ono, zonsezi Renae ankazimva. Amayi a kutchalitchi ankamuimitsa m'sitolo kuti amuuze, ena akuyembekezera kuti aseka. Sanaseke, komanso sanapiteko. Anangopitirira kugawa chakudya kwa ana a eni, akuwonda.

Tsiku lina, chipale chitasungunuka, misewu ili matope okhaokha, namwino wa kunyumba ya okalamba ija anamuimbira foni. Anati Mayi Rustad akhala akumutchula, ndipo akana kudya mpaka abwere.

Renae anapita ataweruka kuntchito. Anawapeza pa njinga ya olumala, pafupi ndi windo loyang'ana poimika magalimoto. Anali atachepa thupi, tsitsi losapesa, juzi atamanga mabatani mophonya. M'chipindamo munalinso gogo wina amene ankagona kukamwa kuli yasa.

"Mwabwera," anatero Mayi Rustad.

"Ndabwera amayi."

"Khalani pansi."

"Ndiima."

Mayi Rustad anayang'ana kunja.

"Munda wapita. Mwamva?"

"Ndinamva."

"Apongozi anga aamuna anaulima ndi akavalo munda umene uja. Lynette waugulitsa ngati akugulitsa nkhuku. Ndinamufunsa kuti bwanji osandifunsa, akuti amayi munasaina nokha." Anatsokomola. "Koma sindinakuitanireni za munda. Lamulungu Lynette anabwera ndi Britta. Munamuona posachedwa?"

"Sandilola."

"Sindinamuzindikire. Mafupa okhaokha. Tsitsi anadzimeta yekha ndi sizasi. Anakhala pa bedi apo, osandipatsa moni, osandiyang'ana. Kusukulu akuti anasiya kulowa m'kalasi. Lynette anamunena pamaso panga pomwe, akuti watopa naye, akufuna amutumize ku sukulu yogonera konko ya ana ovuta. Mwana wa Darrin." Anakoka bulangeti pamiyendo. "Lynette ankamufuna pamene munda unalipo, kuti gawo la mwanayo lidutse m'manja mwake. Tsopano zatha, mwana wasanduka katundu wolemera."

Renae anatseka maso.

"Ndaitanitsa loya, anabwera dzana," anapitiriza Mayi Rustad. "Mutu wanga ukugwirabe ntchito, ngakhale Lynette akuuza anthu zina. Ndamuuza kuti ndidzanena pamaso pa woweruza kuti amene analera Britta ndi inu, ndipo abwerere kwa inu. Lynette sakana, wanena yekha pa foni kuti mukamufuna kamutengeni ngakhale lero. Pitani mukamutenge."

"Ndikamutenga."

"Lero lomwe."

"Ndikuchokera konkuno kupita ku Fargo."

Mayi Rustad anagwedeza mutu. Anatambasula dzanja lawo lopindika lija pa bulangeti, chikhatho chili m'mwamba. Renae analiyang'ana, koma sanasunthe.

"Ndinapsa mtima tsiku lija," anatero gogoyo. "Munthu ukakalamba umatsala ndi tinthu tochepa todzitamira. Ndinachita manyazi pamaso pa mwana wanga ndi mdzukulu wanga. Ndinayankhula zambiri."

"Munayankhula zimene zinali mumtima mwanu kuyambira tsiku la ukwati wanga, amayi. Za nyumba ndinaiwala. Zakuti sindinabereke, ndi zoona, sindinabereke. Koma munandichititsa kumasula zala za mwana uja pa chitseko cha galimoto ndi manja angawa, iye akundiitana. Inu muli pa windo. Chimenecho chokha ndikulephera kuchimeza."

Mayi Rustad analira mopanda phokoso, mapewa akugwedezeka. Gogo wa pa bedi lina uja anatembenuka n'kupitiriza kugona.

"Muno usiku ndi wautali," anatero atapuma. "Anamwino ndi abwino, koma ndi ambiri amene akuwasamala. Mudzabweranso?"

Renae anafika pakhomo asanayankhe.

"Britta akadzafuna kukuonani, ndidzabwera naye. Ine ndidzadikira m'galimoto."

Ku Fargo anakafika dzuwa lisanalowe. Lynette anatsegula chitseko, osapereka moni, naitana m'kati. Britta anatuluka ndi chikwama chimodzi, naima pa khonde akuyang'ana Renae ngati sakukhulupirira. Kenako anadzandira n'kuyamba kugwa, ndipo Renae anamuwakha asanafike pansi. Anali wopepuka ngati mtolo wa udzu wouma.

Woweruza anamaliza nkhaniyo m'nyengo yotentha, ndipo Mayi Rustad anachitadi zimene analonjeza. Anabwera nawo kukhoti pa njinga yawo ija, nayankhula momveka bwino, aliyense anamva. Britta anakhala mbali ina ya chipindacho, maso ali pansi. Pang'onopang'ono anayambanso kudya, tsitsi linamera, anabwerera kusukulu. Ankagona pa bedi limodzi ndi Renae m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo kaja, mpaka anapeza nyumba ya zipinda ziwiri.

Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi, Renae ankamufunsa, "Tidzere kwa agogo ako?"

"Ayi."

"Ndi okalamba mwanawe. Sakhalitsa."

"Ndati ayi amayi."

Renae sanamukakamize. Mayi Rustad anamwalira anthu akukolola soya, m'mawa wa Lachitatu, namwino akuwasintha zofunda. Anawaika kuseri kwa tchalitchi pafupi ndi mwana wawo. Lynette anafika mochedwa n'kuchoka anthu asanadye. Pamandapo, bokosi likutsika, amene analira mpaka kugwidwa ndi amayi a kutchalitchi anali Renae. Britta anaima pambali pake atamugwira mkono, maso ali gwa.